Mmene Tchete Anabisira Khomo Lake

Padangokhala, senderani kuno tikhale tonse, Tchete, mbalame yachikasu ija yoluka zisa zolendewera. Masiku amenewo kunalibe foni, kunalibe imelo. Ukakhala ndi mawu unkatuma mthenga, ndipo mthengayo ankangofunsa funso limodzi: “Khomo lake ndi liti?” Wodziwa khomo lako ndiye ankakufikira, kaya ndi uthenga wa maliro, kaya wa mowa, kaya wa zopanda mutu.

Tchete anali mnyamata wochenjera kwabasi, koma chaka chimenecho nzeru zinayamba zamuthawa, chifukwa anafunsira mbeta ndipo mbetayo inamulola. Namwaliyo anali Nachanza wa kutsidya kwa mtsinje. Atsibweni ake a Nachanza anali a Kakowa, nduna ya mfumu Nkhwazi, bambo ovala zoyera tsiku lililonse, osakonda kubwereza mawu.

“Tamva, mnyamata,” anatero a Kakowa. “Ife tikakhala pansi kubanja kuno, ndidzatuma Njiwa adzakuuze tsiku lobwera ndi ankhoswe ako. Njiwa akadzabwerera wopanda yankho lako, ndidzadziwa kuti unkangoseweretsa mwana wathu.”

“Bwana, adzandipeza nditakhala pakhomo penipeni!” anatero Tchete.

Anauluka kubwerera kwawo akuchita kutembenuzika m’malere ndi chimwemwe. Atafika analuka chisa chimene sanalukepo chibadwire, chosalala kunja, chofewa m’kati. Poluka ankaimba nyimbo ija atchete onse amaidziwa. Nyimboyo imafunsa udzu ngati uli ndi pakamwa, ndipo ovomera amayankha kuti udzu ulibe, wokhala napo ndi mlendo. Tsiku limenelo Tchete ankaiimba mothamanga, osamva n’komwe zimene ankaimbazo.

Chisa chitatha, ulendo wa kumsika.

“Mkamwini wa nduna uyo!” anakuwa Bwampini, wogulitsa mapira. “Bwera ulawe, kulawa n’kwaulere. Ungondiuza khomo lako, kuti mapira a mowa wa ukwati akafika ndidzakutumire mawu.”

“Pamthethe waukulu, chisa chatsopanocho!” anatero Tchete, mapira ali m’kamwa.

“Nanga mlaza wolukira?” anafunsa Gologolo ali pa malonda ake. “Wabwino ukabwera ndikudziwitse kuti?”

“Pamthethe waukulu, chisa chatsopanocho!”

Anauza wogulitsa mchere. Anauza wometa. Anauza ngakhale mlendo wina amene ankangofunsa njira ya kuchitsime. Pomaliza anakauza atsibweni ake, a Pumbwa, amene anali nkhoswe yake, mkulu wansangala, wokonda mapapaya akupsa ndi macheza osatha.

Kutacha, dzuwa litangoyamba kutentha, Tchete anamva kukhwakhwaza pakhomo. Anadzambatuka. Njiwa! Anasuzumira msangamsanga, koma sanali Njiwa. Inali nyenje. Paja nyenje ndizo zinali amithenga a amalonda, ndipo ganyu yawo inali yokuwa, osati yomvera.

“Uthenga wochokera kwa a Kanyimbi!” inakuwa nyenjeyo. “Mafuta onunkhira a mkwati! Mukadzola kamodzi, mudzi wonse udziwa kuti mwadutsa!”

“A Kanyimbi? Mafuta onunkhira?”

Asanatseke pakamwa panatera ina. “Uthenga wochokera kwa a Nkhono! Sukulu ya liwiro yatsegulidwa, malo atsala ochepa!”

“A Chule akuti gulani mankhwala, khungu lanu lisalale ngati lawo!”

“A Fisi akufunsa ngati muli ndi wokusungirani mbuzi za ukwati!”

Tchete, poti analeredwa bwino, anayankha mwaulemu. “Zikomo, anzanga, koma sindifuna. Mukawauze mabwana anu kuti asadzatumenso munthu pakhomo pano.”

Nyenje zija zinayang’anana, kenaka imodzi inakuwa ndi mphamvu zake zonse: “Wayankha! Muno mulidi munthu, ndipo amamva!”

Mawu amenewo anafika kwa wamalonda aliyense. M’mawa mwake nyenje zinabwera ndi azilamu awo, apongozi awo ndi anansi awo, mpaka chisa chonse bii, nthambi n’kuwerama. Tchete anayesa kuzijompha, koma akajompha imodzi pamalo pake pankatera zinzake. Anayesa kukalipa, mawu ake iye mwini osawamva. Atatopa anatola thonje, natseka makutu onse awiri, nakadzipinda m’kati.

“Kuwani mpaka musase mawu,” anatero, nagona tulo tokoma.

Tsoka silinunkha. Masana omwewo Njiwa anafika. Njiwa anali mayi wofatsa, wa mawu apansipansi. Anaodira, odi wake anamira m’phokoso. Anayesa kusendera kukhomo, nyenje zinamuzinga, ina kumutsatsa mafuta a Kanyimbi, ina kumufunsa khomo lake iyeyo. Anadikira mpaka mutu unayamba kuwawa, nabwerera.

M’mawa mwake Tchete anadzidzimuka wina akumuzula thonje kukhutu. Anali Nachanza. Anamukokera ku mtengo wina kuti amvane.

“Nachanza! Wabwera ndi uthenga?”

“Uthenga unabwera dzulo, a Tchete, unakupezani mutatseka makutu. Njiwa wauza atsibweni kuti pakhomo panu ndi pamsika, ndipo mwini wake sanatuluke.”

Tchete anafuula: “Mayo ine! Nanga atsibweni akuti chiyani?”

“Amati nkhani yatha. Ndipo dziwani kuti kuli mwana wa a Tsekwe amene wayamba kudutsadutsa kwathu, mmawa moni, madzulo moni. Ine ndalira, amayi andithandiza kupepesa, mpaka atsibweni alola kutumanso Njiwa. Koma tsiku sanatchule, ndipo akuti kachitatu kulibe.”

“Kachiwiri komweko kandikwanira! Nachanza, ndiwe munthu iwe!”

“Musandivinire pano. Anakuuzani ndani kuti khomo amagawa ngati mtedza wokazinga?”

Nachanza atapita, Tchete anakwera pamwamba pa chisa chake chokongola chija, najompha luzi lochimangira. Chisa chinagwa, nyenje mwaa! Zinazungulirazungulira pamalopo, ndipo poti zinatumidwa ku khomo osati kwa munthu, zitaona kuti khomolo palibe zinabalalika.

Tchete analuka chisa china pamsangu. Anaimbanso nyimbo ija yofunsa udzu, koma tsopano modekha, ndipo pofika pa mawu onena za mlendo ankagwedeza mutu. Ulendo uno anauza okhawo amene sakanachitira mwina. Anauza Bwampini chifukwa cha mapira, Gologolo chifukwa cha mlaza, ndi a Pumbwa chifukwa ukwati wopanda nkhoswe kulibe, komanso Njiwa akanafunsira kwa iwo khomo latsopanolo.

Panakhala bata lokoma, moti Tchete ankamva ngakhale kupuma kwake. Koma asanalizolowere, mmawa wina anamva mawu amene ankawadziwa bwino.

“Uthenga wochokera kwa a Kanyimbi!”

Tchete sanayankhe. Anatuluka mwakachetechete, nakakhala pa nthambi ina, n’kumaonerera chisa chake chikuda ndi nyenje.

“Mwa anthu ndinauza aja, wina ali ndi pakamwa pobooka,” anadziyankhulira. “Bwampini ameneyu, masaya akewo sasungira mapira okha. Kapena Gologolo, munthu wosakhazikika pansi uja. Koma ndikaloza chala wosalakwa, mowa wa ukwati ndiphikira chiyani?”

Anakanda mutu, nakandanso. Mwadzidzidzi anaseka yekha, nadumphadumpha pa nthambipo mpaka nyenje zina zinasiya kukuwa kuti zimuone.

Anadula chisa cha pamsangu, nayamba ntchito. Analuka chisa pa bango la kudooko. Analuka china pa kanjedza. Analuka china pa nthambi ya mkuyu yolendewera padziwe. Nyimbo ija ankaiimba tsopano ngati ya gule, akumenya mapiko pa mawu onena kuti udzu ulibe pakamwa, ndipo atchete anzake ankavomera uku akumuseka.

“Mkazi mmodzi, zisa zonsezi? Mapanga awiri avumbwitsa, Tchete!”

“Amavumbwa ndi wosadziwa phanga logona,” anatero Tchete.

Anzakewo atapita kokadya, iye anazemba, nakaluka chisa chotsiriza m’kati mwa nsungwi zowirira. Chimenecho analuka osaimba.

Kenaka anapita kumsika, nanong’oneza Bwampini. “Achimwene, ndasamukanso. Ndili pa bango la kudooko. Khomo limeneli ndauza inu nokha.”

Anapita kwa Gologolo. “Mnzanga, ndili pa kanjedza tsopano. Khomo limeneli ndauza iwe wekha.”

Anapita kwa a Pumbwa. “Atsibweni, mukandifuna ndili pamkuyu wa padziwe. Khomo limeneli ndauza inu nokha.”

Ndipo sankanama ayi, poti khomo lililonse analiuzadi munthu mmodzi. Za chisa cha m’nsungwi anakanong’oneza Nachanza kumene ankasamba ndi anzake, namupempha kuti adzauze Njiwa pa tsiku lomutuma lenilenilo, ali kale pa ulendo.

Tsopano Tchete anayamba kuzonda zisa zake ngati mlenje woyendera misampha. Pa bango anapeza chiwala chimodzi chikudikira mwaulemu. Chinati a Bwampini akuti mapira afika, n’kunyamuka. Pa kanjedza panali zii, popanda ngakhale ntchentche. Tchete anayamba kuda nkhawa, chifukwa kunatsala kumodzi kokha. Asanafike n’komwe padziwe, phokoso linamuchingamira panjira.

Wa pakamwa pobooka uja anali a Pumbwa! Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akanakhala Bwampini, akanakagula mapira kwina. Koma atsibweni, mlongo wawo wa amayi ake, nkhoswe yake yomwe?

Anawapeza atalowetsa mutu wonse m’papaya.

“Atsibweni, mwaswera bwanji?”

“Mphwanga! Bwera udye, lakupsa bwino ili.”

“Zikomo, ndadya. Atsibweni, khomo ndinakuuzani lija, mwauzako munthu?”

“Ine? Ndilumbire? Sindinauze munthu, mphwanga. Kupatula a Kanyimbi, amene anandifunsa mwaulemu atandipatsa papaya lomweli.”

“A Kanyimbi okha?”

“Ndi a Chule. Ndi anzanga angapo a pamowa. Koma onsewo ndinawauza kuti ndi chinsinsi.”

“Nanga la pamsangu lija?”

A Pumbwa anapukuta mlomo, maso n’kuyamba kulengeza misozi. “Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Kubanja kwathu kuno sikunatulukepo munthu wokwatira kwa nduna. Iwe wachita zimenezo, ine ndikhale duu ngati ndilibe mbale? Munthu akandifunsa kuti mnyamata wanu uja amakhala kuti, ndiziti sindidziwa? Andiyesa nkhoswe yanji?”

Mkwiyo umene Tchete anabwera nawo unasungunuka. Anaona kuti pakamwa pa atsibweni ake sipangasokedwe, ndipo kuwakalipira kukanangowasweretsa mtima pachabe.

“Mwachita bwino, atsibweni,” anatero. “Chisa cha pamkuyu chikhale chaulemu wanu. Aliyense wokufunsani muzimuuza chomwecho, ngakhale wosafunsa.”

“Ndinadziwa kuti ndiwe mwana womva!” anatero a Pumbwa, nabwezeranso mutu m’papaya.

Kuyambira tsikulo zinthu zinayenda bwino. Nyenje zonse za m’dzikomo zinkasonkhana pamkuyu n’kumakuwira chisa chopanda munthu, Tchete ali phee m’nsungwi, maso ali kutsidya. Ankangotuluka pang’ono kukaona ngati kwabwera mawu enieni pa zisa zinazo.

Mmawa wina, akudutsa pafupi ndi dziwe, anamva mawu achilendo. Inali nyenje yaikulu, yonenepa, ya mawu oposa zinzake zonse.

“Mwayi wakugwerani, a Tchete! Mwasankhidwa kulandira mphatso ya akwati! Khalani m’chisa dzuwa likafika paliwombo, mphatso ikupezani pakhomo! Musauze munthu! Ndi chinsinsi!”

Chinsinsicho chinamveka mpaka kumsika.

Tchete anatera pa nthambi yapafupi, nadzisandutsa mnansi. “Mnzanga, a Tchete atuluka. Ndiwauze kuti mphatsoyo ikuchokera kwa yani?”

“Kwa bwana wina wamtali, wosakonda kutchulidwa dzina.”

“Nthenga zake n’zotani?”

“Alibe nthenga.”

“Ubweya?”

“Alibe.”

“Nanga miyendo ali nayo ingati?”

“Miyendo sindinaione.”

Tchete anadziwiratu. Ameneyo anali Nalikukuti, njoka ya m’mitengo, imene inatha mazira ndi anapiye a mbalame zambiri. Khomo limene linayamba ndi kugulidwa ndi papaya tsopano linali litafika m’makutu a wakupha. Koma m’malo mothawa, Tchete maso anamuwala.

“Ndikawauza,” anatero. “Akondwa kwambiri.”

Anakwera pamene chisa chinamangidwa ku nthambi, namasula luzi limodzilimodzi mpaka linatsala limodzi lokha. Kenaka anabisala m’masamba.

Dzuwa litafika paliwombo, nyenje zonse zinangoti zii nthawi imodzi. Nalikukuti anali akutsetsereka ndi nthambi, pang’onopang’ono, lilime lili lawilawi. Nthawi yomweyo Tchete anaona kanthu kakuwoloka mtsinje, kulunjika kunsungwi. Anali Njiwa.

“Lero lomwe!” anadandaula chamumtima. “Chabwino. Uyu alowetse mutu, ndidule luzi, ndithamange. Ndimupeza asanabwerere.”

Pamenepo m’chisa muja munamveka mawu.

“Odi kunjako! Mphatso ija yafika? Lowetsani, ndilandira ndine m’malo mwa mwana!”

Tchete anawazindikira mawuwo. A Pumbwa anali atamva chinsinsi chija ali kumsika. Anathamanga, nalowa m’chisa muja podzera m’munsi Tchete osawaona, atanyamula chibenthu cha papaya choti azidya podikira.

Tchete anayang’ana kunsungwi. Anayang’ana chisa. Akadula luzi, atsibweni ake amira pamodzi ndi njoka. Akapanda kudula, amezedwa. Akachedwa, Njiwa abwerera, ndipo kachitatu kulibe. Anatuluka m’masamba, natera patsogolo pa Nalikukuti.

“Bwana, mwasokera! A Tchete anasamuka dzulo, ali pa kanjedza uko. Tiyeni ndikuperekezeni, si patali.”

Nalikukuti anaima, namuyang’ana ndi maso osaphethira. “Nanga akuyankhula m’menemu ndani?”

“Ndi nyenje yokalamba, bwana, yopanda mnofu n’komwe. Imagona m’zisa zosiyidwa.”

“Nyenje ndi ndani?” anakalipa mawu m’chisa. “Ndine Pumbwa ine, atsibweni ake a Tchete, munthu wodya bwino, wa thupi langa! Funsani aliyense!”

“Atsibweni, khalani chete!”

“Ndikhale chete akunditcha nyenje?”

Nalikukuti anamwetulira. “Pumbwa ndi wonona kuposa tchete,” anatero, napinda khosi, nalowetsa mutu pakhomo la chisa.

“Mayo! Mphatso ili ndi maso!” anakuwa a Pumbwa.

Tchete anagwera padenga la chisa. Woluka amadziwa pamene anayambira. Anakoka udzu umodzi, denga n’kuyasama. Anagwira atsibweni ake pa tsumba, nakoka ndi mphamvu zake zonse, koma mimba ya mapapaya inakana kutuluka. A Pumbwa, ndi mantha, anali atakhalira chibenthu chawo chija, ndipo pophiriphitha anadzipaka thupi lonse lam’munsi. Kuterera kwa papaya ndiko kunawapulumutsa. Tchete anakokanso, a Pumbwa fwamphu!

“Ulukani, atsibweni!”

Tchete anatembenukira luzi lija, nalijompha kamodzi. Chisa chinakanirira m’khosi mwa Nalikukuti ngati chipewa chothina, chinamukoka, mchira n’kuleka nthambi. Chubwi! Madzi anatenga chisa ndi mwini mphatso yemwe. Nyenje zitaona khomo lawo likupita ndi mtsinje, zinanyamuka zonse kulitsatira, zikukuwa za mafuta a Kanyimbi ndi sukulu ya a Nkhono mpaka mawu awo anazimirira.

Atchete onse anatuluka m’zisa zawo akululutira. Anayamba okha nyimbo ija yofunsa udzu, ndipo pofika poyankha kuti wa pakamwa ndi mlendo, onse analoza a Pumbwa. Mkuluyo anavomera nawo mokweza kuposa aliyense.

“Atsibweni, tsukani papayalo, mundidikire pompano,” anatero Tchete. “Musanditsate.”

“Ukupita kuti, mphwanga? Ungondinong’oneza, sindiuza munthu!”

Koma Tchete anali atapita kale. Anauluka ngati muvi, mapiko akuwawa, akudziuza kuti wachedwa, kuti mwana wa a Tsekwe wapambana. Atalowa m’nsungwi anapeza Njiwa atakhala pakhomo la chisa, maso atatseka.

“Mayi, pepani! Ndachedwa, koma chonde musabwerere!”

Njiwa anatsegula diso limodzi. “Ndafika kalekale, mwanawe. Koma pakhomo pabata mlendo safulumira. Ndimapumitsako makutu. A Kakowa akuti mubwere mkucha ndi ankhoswe anu. Ndikawauze chiyani?”

“Mukawauze kuti tibwera! Mukawauze kuti tafika kale! Mukawauze kuti...”

“Loyambalo lakwana,” anatero Njiwa, nanyamuka.

Ukwati unachitika, ndipo unali ukwati wa mnanu. Mowa wa mapira a Bwampini unakoma. A Kakowa anavina mpaka zoyera zawo zinada. A Pumbwa anayankhula nthawi yaitali monga nkhoswe, nafotokoza mmene iwo ananyengerera njoka kuti ilowe m’chisa, mphwawo n’kungothandizako pang’ono kumapeto. Tchete sanawatsutse. Koma papaya lija silinachoke ngakhale anatsuka chotani, n’chifukwa chake mpaka lero pumbwa ali ndi chikasu kunsi kwa mchira.

Zovina zitatha, Tchete anatenga mkazi wake kupita naye kunsungwi. Nachanza analowa m’chisa, natuluka, nachizungulira, nakoka udzu uku ndi uku kuyesa kulimba kwake.

“Mwaluka bwino, a Tchete. Sindinaonepo chisa chotere.”

Tchete anatukumula nthenga.

“Akudziwa khomo limeneli ndani?” anafunsa Nachanza.

“Iwe, ine, ndi Njiwa basi.”

“Njiwa ali ndi amuna ake.”

“Ndi munthu wofatsa uja.”

“Amuna akewo ali ndi anzawo a pamowa. Anzawowo amadziwana ndi atsibweni anu.”

Nthawi yomweyo Nachanza anakwera pamwamba, najompha luzi. Chisa chija chinagwa pansi, khuu!

“Nachanza! Chisa changa chabwino koposa!”

“Lukani china. Chogonamo mazira sachitchula kwa mthenga.”

“Nanga atsibweni ako, a nduna, akafuna kutipeza?”

“Muwalukire chawo,” anatero Nachanza. “Nawonso ali ndi pakamwa.”

Tchete anayang’ana chisa chili pansi, nayang’ana mkazi wake, kenaka anaseka mpaka misozi. Anazindikira kuti m’banjamo wochenjera sanali yekha. Anatola udzu, Nachanza namuyambira nyimbo.

Choncho mukadzaona mtengo wodzaza zisa za atchete, musayese kuti chilichonse chili ndi banja. Zambiri n’za amalonda, za apongozi ndi za atsibweni, ndipo chikayamba phokoso mwini wake amachigwetsa osachilira. Chimene muli mazira ine sindichidziwa, ndipo ndikanachidziwa sindikanakuuzani.

Yanga yathera pano. Amene munakwirira mbatata paphulusa thamangani, yayamba kununkha.